Maliro Oyamba a Mfumu Ndaziona

Mu ufumu wa Tiyerekeze, kuseri kwa mapiri kumene mapu a kusukulu amathera, munali mfumu dzina lake Ndaziona Wachiwiri. Sinali mfumu yankhanza ayi. Amene anaidziwa bwino amati inali ndi mtima wa mwana, miyendonso ya mwana, yosakhazikika. Ikapita kunja sinkabwerako yopanda kanthu. Chaka china inabwera ndi chikepe chokwezera anthu m'nyumba zosanja, ndipo popeza m'dzikomo munalibe nyumba yosanja, anachiimika pabwalo la nyumba yachifumu, nduna n'kumalowamo, kudikira pang'ono, ndi kutulukira pomwe zinalowera zikugwedeza mitu kuyamikira.

Chaka chimene tikunenachi mfumu inabwera chimanjamanja. Nduna zinachita mantha, chifukwa zinkadziwa kuti mfumu ikabwera yopanda katundu ndiye kuti yabwera ndi maganizo.

"Kumene ndinapitako," inatero mfumu pabwalo la nduna, "anthu amagona pa kapinga dzuwa lili paliwombo, osadwala. Amakwera phiri mpaka pansonga, n'kutsika opanda ngakhale chikuni chimodzi. Amapalasa bwato lopanda ukonde, kupita uko ndi kubwerera pomwe anayambira. Ndinafunsa kuti akufunanji, anandiuza kuti palibe. Anthu amenewo ndi olemera. Ife kuno aliyense ali jijirijijiri kuyambira tambala woyamba, koma ndife amphawi. Kodi simukuona pamene pagona nkhani?"

Nduna zinaona. Olemekezeka a Mvomereni anali ataona kale funso lisanathe. Anaimirira nafotokoza kuti iwo akhala akuganiza zimenezi kwa nthawi yaitali, kuti umphawi umabwera chifukwa chogwira ntchito, pakuti chibadwire chawo sanaonepo munthu wolemera atagwira khasu. Nduna ina yokalamba, ya zachuma, inafunsa mwaulemu ngati sizingatheke kuti anthu akunjawo anayamba alemera kaye ndipo kugona pa kapinga kunabwera pambuyo. Mfumu inaithokoza chifukwa cha funso lanzeru, ndipo sabata yomweyo inaipatsa ukazembe kudziko lina lakutali kwambiri. Tsiku lomwelo kunabadwa Unduna wa Zopuma ndi Kupitidwa Mphepo, a Mvomereni n'kukhala nduna yake.

Malo anasankhidwa m'tsinde mwa phiri la Sasuntha, pamene timitsinje totsika m'phirimo timakumana n'kupanga dziwe limene anthu ankalitcha Kadziwe. Lamulo linalisintha dzina kukhala Nyanja ya Ulemerero, ngakhale madzi sanachuluke nalo dzinalo. Anadzala kapinga, anaika mabenchi m'mithunzi ya mibawa, analambula tinjira tokwera phiri n'kutikhomera zikwangwani, ndipo anabweretsa mabwato ooneka ngati atsekwe, opalasa ndi miyendo ngati njinga. Pachipata anamanga nyumba ya woyang'anira paki: ya malata, mpopi pakhomo, chitseko chokhala ndi loko.

Nyumba imeneyi inagwera bambo Lotani Mbingwani. Bamboyu anagwira ntchito zaka zambiri monga kapitawo wa pamsewu, ndipo luso lake lonse linali kukalipira munthu amene watsamira fosholo. A ku unduna anati munthu wodziwa kuletsa anthu kupuma ndiye adziwenso kuwapumitsa, poti ndi ntchito imodzi yomweyo, kungoitembenuza.

Kuti mumvetse chimene nyumbayo inali kwa Lotani, muyenera kudziwa kuti iye anali mkamwini. Anakwatira Nangozo wa m'mudzi wa Mtsetsereko, pafupi ndi phirilo, ndipo chikwatirire anakhala m'kanyumba kuseri kwa nyumba ya apongozi ake. Imvi zinamumerera ali pomwepo. Chifuwa chikamugwira ankachita kukatsokomolera kuthengo. Akakumana ndi apongozi panjira ankapatukira m'tchire monga mwa ulemu, ndipo popeza apongoziwo anali oyendayenda, miyendo ya Lotani inali ndi zipsera za minga za mitundu yonse. Tsiku limene analowa m'nyumba ya pachipata, anayenda chipinda ndi chipinda akutsokomola mokweza, Nangozo akumuyang'ana. Madzulo ake anamva kuti apongozi aika kale nkhunda m'kanyumba kaja.

Masabata oyamba paki inkadzaza, ndipo Lotani ankaganiza kuti ntchitoyo ndi yophweka. Amayi ankachapa m'Nyanja ya Ulemerero ndi kuyanika pa mabenchi, akuyamikira boma powaganizira. Abambo ankakwera phiri m'tinjira tatsopano tija n'kutsika ndi mitolo ya nkhuni, ena bowa, ena masuku. Mbuzi zinamukonda kapinga wachilendo. Mayi Nachanza, ogulitsa tomato pa msika wa Ndamvakuti, anazindikira kuti akakwera tsekwe ndi madengu awo n'kudutsa pakati pa madzi, amafika kumsika anzawo asanayale. Achinyamata awiri anakwera tsekwe wina atagwirana manja, Lotani n'kusangalala kuti waona zimene mfumu inanena, koma atayang'anitsitsa anaona kuti mtsikanayo wamangirira mbedza kuchala cha kumwendo.

Nkhani itafika kulikulu, nduna zinakhala pansi tsiku lathunthu, ndipo kunatuluka lamulo lachiwiri: m'paki musachitike chilichonse chothandiza. Wolowa alowe chimanjamanja, atulukenso chimanjamanja. Bawo anaikambirana mpaka dzuwa kupendeka, ena akuti ndi masewera, ena akuti imanola ubongo ndiye kuti ndi yothandiza. Anamaliza ndi kuiletsa, poti mfumu sinaione kunja.

Lotani anatsata lamulo monga ankatsatira chingwe choyezera msewu. Analanda mbedza, anathamangitsa mbuzi, anatsitsa madengu a mayi Nachanza m'tsekwe. Posakhalitsa m'paki munatsala iye yekha, atsekwe omangidwa m'mphepete, ndi phiri, lomwe anthu a kumsika ankati ndi nzika yokhayo m'dziko lonse imene ikumvera lamulo mokhulupirika.

Tsiku lina galimoto ya a Mvomereni inaima pachipata. Ndunayo sinatsike, inangotsitsa galasi. Inati Loweruka likudzalo mfumu ikubwera ndi alendo ochokera kudziko lija la ogona pa kapinga, kudzawaonetsa kuti Atiyerekeze nawonso atukuka. Paki idzaze. Koma pasakhale magule, pasakhale amayi ovala nsalu za nkhope ya mfumu, pasakhale malole otuta anthu, chifukwa mfumu yanenetsa kuti kunja kuja anthu amabwera okha ndipo amapuma mwakachetechete.

"Nanga akapanda kubwera, bwana?" anafunsa Lotani.

"Ndiye kuti nyumba iyi tinaipereka kwa munthu wolakwika," inatero nduna. "Ndamva kuti muli ndi kwina kumene munkakhala."

Galasi linakwera.

M'mawa mwake Lotani anavala jekete napita ku msika wa Ndamvakuti kukapempha anthu. Anayambira pa mayi Nachanza. Mayiwo anamumvetsera akusanja tomato, kenako anafunsa kuti munthu akafika kumeneko n'kukhala pansi, chimatsatira n'chiyani. Lotani anati palibe chotsatira, umangokhala, kuona madzi, kuona phiri.

"Phirilo lasintha?" anafunsa mayiwo.

"Ayi."

"Ndiye ndinaliona kale, a kapitawo. Likadzasuntha mudzanditumizire uthenga."

Dafuleni, wa kabaza, anati iye kupalasa amapalasa tsiku lililonse ndipo munthu amamupatsa kanthu akafika, ndiye sakuona chifukwa chokapalasira tsekwe amene sakupita kulikonse. Wokhoma zidebe wina anati agogo ake anakhalapo pansi masana osachita kanthu, mudzi wonse n'kubwera kudzawazonda, ndipo anachita kudwala zenizeni kuti anthuwo asabwerere pachabe. Ena anangomufunsa Lotani za moyo wa apongozi ake, mwaulemu kwambiri, ndi kumuuza kuti nkhunda sizivuta kukhala nazo, bola kuzolowera kulira kwake.

Pomaliza anapeza anthu ochepa chabe: abale ake a Nangozo, amene anabwera chifukwa Nangozo anawauza, ndi anzake ena a kumpingo amene anamumvera chisoni.

Loweruka linacha bwino, nkhungu itakuta phiri mpaka m'chiuno. Lotani anadzuka mamawa kukonza pachipata. A ku unduna anali atatumiza chithunzi chachikulu cha mfumu, ndi malangizo akuti achizungulize maluwa ndi nsalu, ndipo anachita zomwezo. Pokweza mbendera chingwe chinakodwa pakati pa mtengo, chosakwera chosatsika. Anachikoka, anachigwedeza, nachisiya kuti abwererenso akapeza makwerero. Panalinso dzenje pamsewu pafupi ndi chipata, limene analitseka ndi simenti dzulo lake, ndipo simentiyo inali isanaume. Apa ukapitawo wakale unamudzukira m'manja. Anadula nthambi za masamba aawisi naziyala pamsewu, uku ndi uko, kuti a njinga achepetse liwiro asamuonongere ntchito. Pamsewu ndi mmene ankachitira moyo wake wonse, ndipo mutu wake unali pa nduna, osati pa masamba.

Anthu ake aja atafika anawasecha pachipata. Amayi ena anabisa mtedza m'zitenje kuti azisenda, wina anabweretsa zoluka, bambo wina mpini woti aziusema. Zonse zinatsala panja. Anawauza kuti akhale pansi, asachite kanthu, asalankhule mokweza, alendo akuti amakonda bata. Anthuwo anakhala monga amakhalira nthawi zonse akasonkhana: abambo pa mabenchi pansi pa mibawa, amayi mbali inayo pa kapinga, miyendo atatambalala. Manja opanda chogwira anasowa kopita, ena anawaika pamasaya, ena pamutu. Nkhope zinagwa zokha.

Woyamba kudutsa anali Dafuleni, atanyamula munthu ndi thumba la makala. Ataona masamba pamsewu anatsika njinga, navula chipewa, monga achitira aliyense woleredwa bwino. Anayang'ana m'paki: abambo uku, amayi uko, onse zii, manja pamasaya. Anatsamiritsa njinga kumpanda, nalowa mowerama, nakhala pansi kumapeto kwa abambo. Wokwera uja anamutsatira. Pambuyo pawo panabwera amayi atatu opita kudimba. Anabisa makasu m'tchire, anamanga bwino mipango, nalowa.

Palibe anafunsa kanthu. Ku Tiyerekeze munthu safika pa zovuta ndi funso kukamwa. Umayamba wakhala pansi, uthenga umakupeza wokha. Komanso kufunsa n'kudziulula kuti m'dera lonse ndiwe wekha amene sanakuuze. Choncho aliyense ankakhala, n'kuyendetsa maso mwakachetechete kufuna chizindikiro. Maso ankafika pa mbendera imene yaima pakati pa mtengo. Ankatsikira pa chithunzi chozunguliridwa ndi maluwa. Kenako ankabwerera pansi, mutu n'kugwedezeka pang'onopang'ono.

Dzuwa lisanakwere kwenikweni, uthenga unali utafika pa msika wa Ndamvakuti, ndipo msikawo unachita zimene dzina lake limanena. Ogulitsa anafunditsa katundu. M'minda makasu anagona, pakuti m'dzikomo kukagwa zovuta khasu siligwira nthaka. Anthu anayamba kutsika m'midzi ya m'mbali mwa phiri, m'mizere ngati linthumbu, ochokera ku Mtsetsereko, ku Kaphirikamwana, mpaka kutsidya kwa Kadziwe.

Lotani anaima pachipata mtima ukumuvina. Ankaganiza kuti mawu ake a kumsika aja alowa mochedwa, monga mvula ya pa dothi louma. Ankalonjera aliyense ndi kumwetulira, ndipo anadabwa pang'ono kuti anthu akumuyang'ana ngati wosokonekera. Kenako anafika mayi Nachanza, atasenza mtolo wa nkhuni. Anautula pakhomo pa nyumba yake, anagwada, nati ndi mawu apansi: "Pepani, a kapitawo. Tamva. Inu ndiye munali pafupi nawo."

Lotani anayang'ana nkhuni. Anayang'ana masamba pamsewu. Anakweza maso kuona mbendera, ndi chithunzi, ndipo anamvetsa. Ku Tiyerekeze kunalibe lamulo lonena za munthu wolengeza imfa ya mfumu yamoyo, koma iye ankadziwa kuti nduna sizichedwa kulipanga.

Anatembenuka kuti akwere pa benchi auze anthu zoona. Dzanja linamugwira jekete. Anali Nangozo.

"Mukupita kuti, bambo?"

"Anthuwa akuganiza kuti mfumu yatisiya."

"Ndinaona kalekale. Mwawauza ndinu?"

"Ayi, koma masamba aja..."

"Masamba ndi a simenti. Mbendera ndi chingwe. Inu simunaname. Anakuuzani kuti mudzaze paki, yadzaza. Mukakwera pa benchipo, anthuwa abwerera kuminda galimoto zisanafike, ndipo inu lero mukagona ndi nkhunda."

Lotani sanali munthu wothamangira chinthu. Anakhala pansi pa mwala wa pachipata kuti aganize, ndipo ali kuganiza anayamba kuona. Kapinga yense anali atabisika ndi anthu mpaka m'mphepete mwa madzi. Bambo wina amene Lotani anamudziwa zaka zonse ali wowerama ndi khasu anali atagona chagada, chipewa kumaso, akuliza mkonono. Amayi ankanong'onezana, wina akumasula mnzake tsitsi. Okalamba awiri anali kuyang'ana phiri, mmodzi akuloza pamene panali mathithi, mnzake akuti wakhala pano chibadwire koma sanadziwe kuti pamenepo pamaoneka chonchi. Wokhoma zidebe uja anali ataviika mapazi m'madzi. Kamphepo kankatsika m'phiri n'kumayenda pakati pa anthu. Lotani anazindikira chinthu chimene sanachiganizirepo: anthu a kwawo kupuma amakudziwa bwino lomwe, kungoti amadikira kuti wina amwalire.

Kumbuyo kwake abambo ena ankakambirana motsitsa mawu. Wina anati malemuwo anali munthu wabwino, sanamangepo munthu popanda chifukwa, kungoti sankakhazikika. Wina anati ndi zakudya zakunja zimenezo, mimba ya kuno siigwirizana nazo. Wachitatu anati iye wamva kuti ndi mtima. Dafuleni anafunsa kuti nanga chikepe chija atenga ndani.

Kenako kunamveka kulira kwa njinga zamoto za apolisi. Mdipiti wa galimoto zakuda unatulukira pokhota, ndipo utafika pa masamba unachepetsa liwiro wokha, madalaivala akuvula zipewa, pakuti nawonso anali ana a m'dzikomo. Khamu linaona galimoto yaitali ya magalasi akuda ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo aliyense anadziwa chimene yanyamula. Mitu inawerama. Amayi a kumpingo anayambitsa nyimbo, motsitsa, ija imayimbidwa thupi likamafika.

A Mvomereni anatsika m'galimoto yawo akumwetulira, manja ali m'mwamba kulonjera anthu. Anayenda pang'ono, nyimbo inawalowa m'khutu, kumwetulira kunauma. Anayang'ana mbendera. Anafika pa Lotani thukuta lili kamukamu, namunong'oneza kuti kulandidwa nyumba kokha sikukwanira, akathera kundende, ndipo akafunsidwa anene kuti ndi maliro a munthu wina aliyense, ngakhale apongozi ake.

Galasi la galimoto yaitali linatsika pang'ono, mpata wongokwana maso. Chala chinatuluka n'kukodola Lotani. Iye anapita, nagwada pafumbi pafupi ndi chitseko.

Mfumu Ndaziona inali itayenda maiko ambiri, koma inabadwira ku Tiyerekeze, ndipo masamba a pamsewu sanafunikire womasulira.

"Kapitawo," inatero motsitsa, "maliro ndi a yani?"

Lotani anaona nyumba yake pakona ya diso, malata akung'anima. Anaonanso a Mvomereni akumugwedezera nsidze. Anaganiza zotchula apongozi, koma apongoziwo anali atakhala kutsogolo kwenikweni kwa amayi, amoyo ndithu, akutsogolera nyimbo.

"Ndi anu, Mfumu."



"Ndamwalira liti?"

"M'mawa uno, Mfumu."

"Ndi chiyani?"

"Sanagwirizane. Ena akuti mtima, ena akuti zakudya zakunja."

Maso aja anachoka pa Lotani n'kuyenda pa khamu, kuchokera pachipata mpaka kumadzi, kuchokera kumadzi mpaka pamene tinjira timayambira kukwera phiri, pomwe anthu ena anakhala pamiyala posowa malo.

"Mwawatuta pa malole angati?"

"Palibe lole, Mfumu. Abwera ndi miyendo yawo. Msika watsekedwa, kuminda kulibe munthu."

"Pa maliro a bambo anga tinachita kutumiza malole," inatero mfumu, ngati ikulankhula yokha. Kenako inafunsa funso limene Lotani ankaliopa: kuti anthuwo akunena zotani za iyo.

Lotani anati: "Akuti munali munthu wabwino, Mfumu. Kungoti simunkakhazikika."

Munamveka kufwenthera m'galimoto. Kansalu koyera kanakwera kumaso. Pambuyo pake mawu anatuluka onjenjemera pang'ono, kuitana a Mvomereni. Ndunayo inathamanga n'kuyamba kupepesa, ikuti munthuyu amulanga, anthuwa awabalalitsa pompano, mfumu ingotsika aione kuti ili moyo.

"Nditsike ndiwasokoneze?" inatero mfumu. "Taonani uyo wagona apoyo. Ngakhale kunja kuja sindinaone munthu wogona bwino chotero."

M'galimoto ya pambuyo alendo aja anali atatsitsa magalasi akujambula. Womasulira wawo anabwera kudzanena kuti alendowo akhudzidwa mtima: kwawo anthu m'paki amathamanga, amayang'ana mafoni, amakangana ndi agalu, ndipo sanaonepo mtundu wa anthu wodziwa kukhala pamodzi mwabata chonchi, mpaka kuyimbira phiri nyimbo. Akufunsa ngati angatumize anthu awo kudzaphunzira.

Mfumu sinatsike. Inalamula kuti mdipiti uzungulire Nyanja ya Ulemerero pang'onopang'ono, magalasi otseka. Paliponse pamene galimoto yaitali inkadutsa, abambo ankaimirira zipewa zili pachifuwa, amayi n'kukweza nyimbo. Dalaivala anadzaulula pambuyo pake kuti anazungulira kawiri, chifukwa mfumu inati mbali ya amayi sinaionetsetse.

Madzulo wailesi ya ufumu inalengeza kuti Mfumu Ndaziona Wachiwiri ili moyo, ili bwino, ndipo ikuthokoza. Anthu anailandira nkhaniyo mofatsa. Dafuleni anati ndi nkhani yabwino, ngakhale akanadziwa akanalira mosiyako misozi ina ya mtsogolo. Mayi Nachanza anati nkhuni zawo sakazitenganso, poti chopereka pa zovuta sichibwerera, koma thupi lawo lapepuka ngati la mtsikana, ndipo kugona kotere anakugona komaliza pa maliro a amalume a amuna awo.

Lotani yekha ndiye sanapepukidwe. Anayamba kumanga katundu m'mitolo, Nangozo akumasula, iye akumanganso.

Bwalo la nduna linakumana. A Mvomereni, amene anali asanadziwe kumene mphepo ikulowera, anayamba ndi kunena kuti kapitawoyo wachita chinthu choopsa chimene sichinachitikepo. Ataona nkhope ya mfumu anapitiriza kuti n'chifukwa chake ayenera kuyamikiridwa, pakuti zinthu zimene sizinachitikepo ndizo chitukuko. Mfumu inati yalingalira mozama. Mtsogoleri weniweni, inatero, ndi amene amapereka moyo wake chifukwa cha anthu ake, ndipo iyo yapeza njira yochitira zimenezi popanda kuvutitsa madokotala. Kunatuluka lamulo lachitatu: pofuna kuti anthu a ku Tiyerekeze azipuma ndi kulemera, Mfumu izimwalira Loweruka lililonse, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Bambo Lotani Mbingwani akhalabe m'nyumba ya pachipata moyo wawo wonse, monga Kapitawo wa Mpumulo ndi Maliro a Mfumu, ndipo chingwe cha mbendera chisakonzedwe.

Anthu analimvera lamuloli kuposa malamulo onse amene anatulukapo m'dzikomo. Palibe ankanamizidwa, koma maliro ndi maliro, khasu siligwira nthaka. Masabata oyamba ankangokhala ndi kuyimba. Kenako akuluakulu anagamula kuti popeza ndi maliro obwereza, ana akhoza kusewera, bola asafuule pafupi ndi chithunzi. Atsekwe anamasulidwa. Achinyamata anayamba kukwera phiri mpaka pa mathithi n'kutsika chimanjamanja, poti munthu satola nkhuni za kwake tsiku la zovuta. Mayi Nachanza anaonedwa pakati pa madzi, opanda dengu, akupalasa mozungulira ndi mnzawo, akuseka atatseka pakamwa ndi nsalu. Galimoto yaitali inkabwera masana n'kuzungulira, anthu n'kuimirira, kenako n'kubwerera pa kapinga. Kulemera kokha ndiko kunali kusanafike, koma unduna unati kuli m'njira.

A Mvomereni, poona ulemu umene mfumu inkalandira, anapempha chilolezo choti nawonso amwalireko Lachitatu lina. Lotani anayala masamba monga mwa nthawi zonse, napachika chithunzi cha nduna. Anthu ankafika pachipata, kuyang'ana chithunzicho, kuvula chipewa, ndi kupitirira kumunda. Amene analowa anali akazi awo a ndunayo ndi dalaivala basi, ndipo dalaivalayo anachoka msanga.

Lachisanu lina madzulo Lotani anakhala pakhonde la nyumba yake akunola chikwanje. Ana ena anali atayamba kale kukhoma zigoli kumapeto kwa kapinga, kukonzekera za mawa. Anawayang'ana nthawi yaitali, nkhope itachita makwinya.

"Mayi," anatero, "pali chimene chikundivuta. Mfumu ndi munthu. Tsiku lina idzapita zenizeni. Ine ndidzayala masamba, ndipo anthu awa adzabwera ndi mpira."

Nangozo anaganiza pang'ono, akupukuta manja ku chitenje.

"Zimenezo adzaziona okha eni maliro," anatero. "Inu kaduleni nthambi kusanade. Mawa ndi Loweruka."